Mwala Wogwedera wa pa Msewu wa ku Tarakina

Novio ananyamuka pamsasa wa ku Setiya dzuwa litalowa kale, ndipo aliyense womudziwa sakanadabwa nazo. Munthu ameneyu anachedwa pa ukwati wake womwe, moti ana anatola mtedza wonse umene mkwati amayenera kuwamwazira, mkwatiyo asanaoneke. Phwando la kumanda, limene mabanja amakadyera pamodzi ndi akufa awo m'nyengo yozizira, sanapiteko n'kamodzi komwe chikwatire. Ndipo mwana wake woyamba anabadwa iye ali m'ngalande, matope mpaka m'mawondo. Sikuti anali wouma mtima ayi. Anali woyala miyala ya msewu, ndipo anthu a ntchito imeneyi ali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: sangachoke pamalo mwala uli chopendekeka.

Koma ulendo uno zinthu zinali zitafika pamwana wakana phala. Apongozi ake, mayi Pakula, anatumiza uthenga kudzera kwa mkulu wina woyendetsa ngolo ya mafuta, ndipo mkuluyo anaunena mokweza pamaso pa gulu lonse, osachotsera ngakhale mchere wake.

"Akuti mawa ndi tsiku lopatsa mwana dzina. Dzuwa likatuluka iwe usanaime pakhomo, akweza mwana wawo ndi mdzukulu wawo pangolo, azipita kwa mchimwene wawo ku Kapuwa. Akuti iweyo ukakwatire msewu."

Mayi Pakula sankanena chinthu kawiri. Ndiponso ankadana ndi oyala miyala kuchokera pansi pa mtima, pa chifukwa chimene sanauzepo munthu aliyense.

Novio akananyamuka masana. Koma panatsala miyala yochepa kuti chigawo chawo chitseke, ndiye anati angothandiza umodzi. Umodziwo unabala unzake. Pamene ankaweramuka kuti awongole msana, n'kuti nyenyezi zitayamba kuoneka.

"Thamanga, bambo wa mwana!" anzake anamukuwiza. "Ukachedwa ukapeza mwana wamera kale ndevu!"

"Ukatiperekere moni kwa apongozi, koma uli patali!"

Kapitawo, amene sankapatsa munthu ngakhale moni waulere, anamutsekera m'manja kamtsuko ka vinyo wa ku Setiya, vinyo uja amamwa anthu ovala zoyera ku Roma. Novio anakamangirira m'chiuno. M'khosi anapachika kachithumwa kachikopa kamene anasoka yekha, koti akamange m'khosi mwa mwana wake monga achitira bambo aliyense. Anatenga muuni ndi chitsulo chake chotukulira miyala, poopa agalu ndi achifwamba, n'kutsetsereka phiri.

Atafika pamsewu waukulu, mtima wake unayera. Ife oyala miyala msewu sitikhotetsa. Phiri likaima kutsogolo timaliboola, dambo likakana timalikhomera mitengo pansi mpaka litavomera. Msewu wa kwawo ku Tarakina unali utangoti tambalala m'kati mwa dambo ngati chingwe chokokedwa ndi anthu awiri, miyala yake yakuda ikunyezimira pamwezi. Novio ankaudziwa mpaka m'mimba mwake: pansi penipeni mitengo, pamwamba pake miyala ikuluikulu, kenako timiyala tosakaniza ndi laimu, kenako mchenga, ndipo pamapeto miyala yosema, yolumana moti mpeni sungalowe pakati. Anayenda akuimba. Mawu ake anali oipa, koma achule okhaokha ndiwo ankamumva, ndipo iwonso sanali akatswiri.

Ankaganiza za mwana amene anali asanamuone. Kodi watenga mphuno ya yani? Bola asatenge pakamwa pa agogo ake. Anaseka yekha, n'kuwonjezera liwiro.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mvula inali itagwa kumapiri sabata yonse, ndipo madzi ake onse anadzagona m'dambo. Poyamba anangomva kuzizira m'zala za kumapazi. Kenako madzi anafika m'akakolo. Kenako msewu unangosowa. Kutsogolo madzi, kumanja madzi, kumanzere madzi. Chifunga chinatsika n'kumeza mwezi.

Nyimbo inatha.

Anayenda pang'onopang'ono, akufufuza ndi phazi. Kubwerera sakanatha, poti kubwerera kunali kutaya Vestia, mkazi wake, ndi mwana yemwe. Anaponda. Anapondanso. Kachitatu phazi silinapeze kanthu.

Chubwi!

Muuni unalira kamodzi n'kuzima. Mdima bii! Matope anamugwira m'mawondo. Anayesa kuzula mwendo umodzi, winawo unalowa. M'ntchafu... m'chiuno... Dambo linkamumeza mosafulumira, ngati munthu wodziwa kuti chakudya sichithawa.

"Mayo! Ndithandizeni! Alipo munthu?"

Zii. Achule onse anali atatseka pakamwa nthawi imodzi.

Ndiye anamva. Di! Kenako kachetechete. Di! Ngati munthu akumenya mwala ndi chidendene. Di! Phokosolo linkayandikira.

"Wasiya msewu wabwinobwino, wakagona m'matope. Ana a masiku ano!"

Anali mawu a munthu wokalamba, okhuthala, osadandaula n'komwe. M'chifungamo Novio anaona chithunzithunzi cha mkulu wamfupi, wotambalala chifuwa, phewa limodzi lotsika, m'mawondo atamanga zikopa monga amangira oyala miyala.

"Achikulire, ndigwireni dzanja! Ndikumira!"

"Dzanja langa silingakuthandize. Gona chagada. Tambasula chitsulocho kumanja kwako. Kodi ukuganiza kuti miyala ya m'mphepete tinaiikira kukongoletsa?"

Novio anagona chagada, madzi akumulowa m'makutu. Anatambasula chitsulo. Chinakanda kanthu kolimba, n'kukola. Anakoka ndi mphamvu zonse za m'mafupa ake, ndipo dambo linamulavula monyinyirika, litamulanda nsapato imodzi. Anakwawira pamiyala akupuma ngati ng'ombe. Choyamba anagwira pakhosi. Kachithumwa kanalipo. Kamtsuko nakonso kanalipo.

"Vula nsapato inayo," anatero mkuluyo. "Msewu uli ndi msana. Pakati timakweza kuti mvula izitsikira m'ngalande, suja umayala choncho iwe wemwe? Maso akakana, funsa mapazi. Likatsika phazi lamanja, khotera kumanzere. Yenda pamsana."

Novio anachita manyazi. Chinthu chimene manja ake ankapanga tsiku lililonse, mantha anali atamuiwalitsa. Anavula nsapato yotsalayo, n'kuponda. Zoonadi, pansi pa madzi msana unalipo, wokwera pang'ono pokha, wowongoka, wolunjika kwawo.

Anayenda, mkulu patsogolo, iye pambuyo. Mkuluyo sankatha mapazi angapo osamenya mwala ndi chidendene, n'kupendeketsa mutu kumvetsera.

Di! "Uwu ndi wanga."

Di! "Uwunso ndi wanga. Tamvera kulira kwake."

Di! "Uwu si wanga. Anayala ndi munthu wa njala."

Novio anayamba kuseka. Anali atapeza mnzake wa nthenda imodzi. Anafuna kufunsa dzina, kufunsa gulu limene mkuluyo ankagwira nalo ntchito, koma funso linaima pamlomo. Anali ataona kanthu.

Iye akaponda, madzi ankalira, khuvu, khuvu. Mkuluyo akaponda... ayi. Chidendene chinkatsika. Mwala unkayankha. Koma madzi sankagwedezeka. Ngakhale kamzere kamodzi.

Tsitsi linamuima. Anayang'ananso. Udzudzu unali utamuunjirira iye yekha, kumaso, m'khosi, m'mikono. Pa mkuluyo panalibe ngakhale umodzi. Mwendo unafuna kuthawa. Koma kuthawira kuti? Kumanja dambo. Kumanzere dambo. Msana unali umodzi, ndipo mwini wake anali patsogolo.

Di! "Wanga."

Novio anatsatira.

Patapita nthawi yaitali msewu unayamba kukwera. Madzi anatsikira m'akakolo, kenako anatha. Chifunga chinapyapyala, ndipo m'mbali zonse ziwiri munayamba kuoneka manda, akuluakulu ndi ang'onoang'ono, ondandana monga akhalira polowera mzinda uliwonse. Kutali, tambala analira. Mtima wa Novio unadumpha. Akathamanga, afika!

Gwede!

Mkulu uja anali ataima. Anapondanso pamalo omwewo. Gwede, gwede.

"Uwu," anatero motsitsa mawu. "Uwu ndi wanga."

"Achikulire, zikomo kwambiri, milungu ikudalitseni, koma ine ndili pa changu..."

"Wandisowetsa tulo mwala umenewu. Ndimabwera, ndimauponda, ukugwedera. Ndimabweranso, ukugwederabe. Anthu odutsa usiku ndimawaitana, koma amangothawa. Ndipo palibe amene amayenda ndi chitsulo." Anatembenuza mutu pang'ono. Nkhope sinaoneke bwino. "Iwe uli nacho."

Tambala wachiwiri analira. Kum'mawa kunayamba kutuwa. Novio anaona ngolo m'maganizo mwake, anaona Vestia atakhala pamwamba pa katundu, mwana ali m'manja. Anaponya phazi kuti adutse. Phazilo, mwatsoka lake, linatera pamwala womwewo.

Gwede.

Aa! Chinthu chimenecho chinamulowa kuphazi n'kukamutulukira kumutu. Mwala woterewu umathyola mwendo wa bulu. Umamwa madzi, n'kumasula unzake, unzakewo n'kumasula wina. Anaima. Anatukwana dambo, anatukwana ntchito yake, anadzitukwana yekha. Kenako anagwada.

Analowetsa chitsulo pampata n'kutsamira. Mwalawo unali wolemera ngati mwana wa ng'ombe. Unadzuka pang'onopang'ono, ndipo pansi pake panaoneka vuto: ngodya imodzi inakhala pamphako, mchenga sunatsenderedwe. Ntchito ya mwana wophunzira, pakati pa miyala ya katswiri.

"Zinatheka bwanji, achikulire? Miyala yanu ina yonse ndi yolira bwino."

Mkuluyo anaseka. Kuseka kwake kunali kofunda, moti mantha a Novio anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Tsiku limene ndinkauyala, panadutsa mtsikana atasenza dengu la anyezi. Anyezi mmodzi anagwa, n'kugubuduka mpaka pabondo langa. Ndinayang'ana mtsikana, osayang'ana mwala."

"Ndiye?"

"Ndiye anandilalatira kuti ndamupondera anyezi. Pakamwa ngati lumo! Ndinadziwa pomwepo kuti kwanga kwatha. Tola timiyala uto, usamangomvera nkhani."

Novio anatola timiyala m'mphepete, anatapa mchenga ndi manja, anadzaza mphako ija n'kutsendera ndi msonga ya chitsulo. Anatsitsa mwala. Anaudzutsanso, poti sunakhale bwino. Anawonjezera mchenga. Thukuta linkagwera pamwalapo ngakhale kunali kozizira. Atautsitsa kachiwiri, unalowa m'malo mwake ndi kaphokoso kakang'ono kokoma.

Mkuluyo anakweza chidendene.

Di!

Anamvetsera nthawi yaitali. Di! Kenako anapuma mpweya wautali kwambiri, wonga wa munthu amene watula mtolo umene anausenza kuchokera kutali.

"Eyaa. Tsopano ndi wanga."

Anayenda mapazi ochepa n'kukaima pa kamanda kakang'ono ka m'mphepete, kopanda chokongoletsa, kokhala ndi kapaipi kadothi kolowa pansi, kaja amathiramo achibale chakumwa cha womwalira.

"Ine ndafika. Koma ali m'chiunomo ndi wa ku Setiya, eti? Ndamumva fungo tili m'dambo."

Novio anamasula kamtsuko, n'kukapereka.

"Ayi. Thira apo."

Anathira. Vinyo wa phwando la mwana wake analowa m'kapaipimo akulira kulukulu, mpaka dontho lomaliza.

"Haa! Ameneyu ndiye vinyo. Ukawauze eni nyumba kwanuko kuti wosasa uja wakwana. Munthu sangamwe vinyo wosasa zaka zonsezi ngati wapalamula mlandu wakupha. Thamanga tsopano. Uyende bwino, mkamwini."

Mkamwini?

Novio anadzutsa mutu. Panalibe munthu. Manda okha, msewu, ndi achule amene anayambiranso phokoso lawo onse pamodzi. Ndipo pamwamba pa phiri la Tarakina, dzuwa linali litasuzumira kale.

Anathamanga. Wopanda nsapato, matope mpaka m'makutu, anathamanga ngati wayatsidwa moto, koma dzuwa silibwerera munthu. Pamene ankakhota pa kanjira ka kwawo n'kuti kutawala mbee, ndipo ngolo inali pakhomo, ng'ombe zitamangidwa kale m'goli. Miphika, mphasa, bokosi la zovala, zonse zinali pamwamba. Vestia anakhala pambali pa katunduyo, maso ofiira, kamwana katakulungidwa pachifuwa. Achibale amene anabwerera mwambo anangoima m'khonde, osadziwa ngati adye kapena alire.

Mayi Pakula anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Taonani, anthuni. Achule atitumizira nthumwi."

"Amayi, pepani, ndinagwa m'dambo, ndiye..."

"Dzuwa ilo. Kapena kwanu kumsewu limatchedwa mwezi?"

"Ndikanafika, amayi. Kungoti panali mwala wina..."

"Mwala!" Mayi Pakula anawomba m'manja kamodzi. "Wamva, Vestia? Mwala! Ndinakuuza ine kuti anthu awa mitima yawo anaikwirira pansi pa msewu. Tiyeni, kwapulani ng'ombe." Diso lawo linagwera pa kamtsuko. Anakatsomphola n'kukagwedeza. "Ndipo wamwa yekha m'njira. Mwana wakeyo timudalitsa ndi matope?"

Novio anaona kuti zake zatha. Misozi inamulengeza. Poti panalibenso chotaya, anangoti apereke uthenga wa eni ake.

"Sindinamwe ine. Ndathira pamanda ena polowera mumzinda. Mkulu amene ananditulutsa m'dambo ndiye anandiuza. Ndipo anati ndikuuzeni kuti wosasa uja wakwana. Akuti munthu sangamwe vinyo wosasa zaka zonsezi."

Kamtsuko kanagwa pansi, phwaa!

Palibe munthu wamoyo amene ankadziwa zimene mayi Pakula ankathira m'kapaipi kaja. Ankapita ndi mtsuko wotseka, n'kuthira atafulatira anthu.

"Mkulu wake... wooneka bwanji?"

"Wamfupi. Phewa limodzi lotsika. Amamenya mwala uliwonse ndi chidendene, n'kumati uwu ndi wanga, uwu si wanga. Anandiumiriza kukonza wina wogwedera. Akuti unamusowetsa tulo."

"Mwala womwewo!" Mawu a mayi Pakula ananjenjemera ndi ukali wakale. "Munthu ndinamusamala, ndinamuphikira, ndinamufunditsa ali gone. Pomaliza ndinatchera khutu kuti anditchule dzina. Iye akuti, 'Mwala uja... mwala uja...' Basi! Mpweya n'kutha. Ndiye ndimuthirire vinyo wabwino? Akamwe kwa mwala wakewo!"

"Anandiuza chifukwa chake unkagwedera, amayi," anatero Novio mwamantha. "Akuti tsiku limene ankauyala panadutsa mtsikana wa dengu la anyezi. Mmodzi anagubuduka mpaka pabondo lake. Akuti anayang'ana mtsikana, osayang'ana mwala."

Mayi Pakula anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda gudumu la ngolo, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo. Anthu anaganiza kuti akomoka. Koma chimene chinatuluka chinali chiseko, chiseko chachikulu chosakanikirana ndi misozi, chimene Vestia anali asanachimvepo chibadwire.

"Sanagwe yekha anyezi ameneyo," anatero akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Ndinamugwetsa dala. Chitsiru cha munthu! Kani mwala uja ndinali ine? Zaka zonsezi ndakhala ndikumumwetsa wosasa, kani ankanditchula ine!"

Novio anayang'ana apongozi ake, anayang'ana mkazi wake.

"Kodi mkulu ameneyu ndani? Amakhala kuti, ndikamuthokoze?"

Vestia anatsika pangolo pang'onopang'ono. Nayenso ankalira, koma nkhope ikuwala.

"Wamuthokoza kale. Manda amene wathirapo vinyowo ndi a bambo anga, a Trebio. Ukanawadziwa ukanamabwera kuphwando la kumanda. Anamwalira ine ndisanagulule mano."

Novio akanagwa, koma Vestia anamuika mwana m'manja, ndipo munthu wonyamula mwana saloledwa kukomoka. Kanali kofunda, kopepuka, kamphuno kofanana ndi kake. Kanatukula kamwendo n'kumumenya pachifuwa ndi kachidendene.

"Mwaima chiyani ngati zipilala?" mayi Pakula anakalipira achibale, akudzuka pafumbi. "Tsitsani katundu! Masulani ng'ombe! Wina athamange kumsika akagule vinyo, wabwino, mitsuko iwiri. Umodzi ndi wa kumanda. Mwanayu dzina lake ndi Trebio, ndipo amene akutsutsa anene ndimuone."

Palibe anatsutsa. Novio anavula kachithumwa kaja m'khosi mwake kuti amange mwana, koma chingwe chinkangopulumuka. Anayang'ana Vestia, ndipo Vestia anamumwetulira. Chingwe chinapulumukanso.

Mayi Pakula anamugwira dzanja lamatopelo, koyamba Novio chikwatire, n'kulikhazika pa chingwe.

"Manga bwino, mwana wanga," anatero. "Yang'ana mfundo, osayang'ana mkazi."